Dengu la Pachipata cha Mphambano

Padangotero, kale nyama zisanavule maudindo awo, nthawi imene njiri inkavala unyolo wa umeya popanda woiseka, panali kamudzi kotchedwa Mphambano. Kamudziko kanayamba kukula. Kunabwera chigayo, kenako chigayo china chodzapikisana ndi choyambacho. Wina anamanga nyumba yosanja, ngakhale kuti m'mwamba mwake ankangoyanikamo chinangwa. Pamsewu anaikapo mahampu kuti galimoto zizichepetsa liwiro, ndipo galimoto yake inali imodzi, yomwenso inkayenda mochita kukankha. Zitafika pamenepo nyama za ku Mphambano zinagwirizana kuti kwawoko si kumudzinso ayi, ndi mumzinda. Aliyense wolakwitsa n'kunena kuti "mudzi wathu uno" ankamuyang'ana ngati watukwana pamaliro.

Meya wa mzindawo anali a Njiri. Tsiku lina a Njiri analengeza kuti mumzinda weniweni simukhala wongokhala. Aliyense akhale ndi udindo, wopanda udindo alandire khasu.

Lamuloli linamubaya Bwampini pamtima penipeni. Bwampini ndi khoswe wamkulu uja wa masaya ngati matumba, ndipo chibadwire anali asanagwirepo khasu. Zikhatho zake zinali zofewa ngati za khanda, ndipo ankazinyadira kuposa mmene ena amanyadira ana. Ankadziwa nthawi imene khomo lililonse limaphula chakudya, ankafika ndi odi wake komanso nkhani zotsekemera, n'kuchoka masaya atatupa mbali zonse ziwiri. Kukwatira sankakufuna n'komwe, chifukwa ku Mphambano mwamuna akakwatira amakakhala kwa mkazi, pachikamwini, ndipo apongozi amamulandira ndi khasu. Galu sankamuopa, njoka sankaiopa. Koma akangoona khasu litatsamira pachipupa, ankatembenuka n'kudzera njira ina.

Anakanda pamutu, kenako ananyamuka kupita kwa Meya.

"Bwana Meya, mwadzuka bwanji ndi mzinda wanu?"

"Tadzuka. Wabwera kudzatenga khasu lako?"

"Ndabwera kudzakuchotsani manyazi, bwana."

"Manyazi ati?"

"Dzana ndinamva nyama za ku Chimpanda, mzinda waukulu uja, zikukambirana. Zikuti mzinda wopanda timu ya mpira si mzinda. Zikuti Meya wa ku Mphambano ndi mlonda wa zigayo wovala unyolo."

Mchira wa a Njiri unaima njo. "Timu tili nayo! Anyamata aja samenya mpira kudambo?"

"Aja amamenya akaweruka kumunda, bwana. Ine ndikunena timu ya mu ligi yaikulu, ya osewera osalima, odyera mpira basi. Chakudya chawo chimachokera pachipata. Aliyense wolowa kudzaonera amaponya m'dengu chimanga, mtedza kapena nyemba, ndipo dengu ndi limene limadyetsa timu." Mumtima anawonjezera kuti limadyetsanso mkulu wa timu, koma zimenezo sanazitulutse.

A Njiri anaitanitsa mkulu wa ligi, a Nang'omba, mbalame yaikulu ya mawu a m'mimba. A Nang'omba anabwera, anawaonetsa zigayo, anawaonetsa mahampu, anawakweza panyumba yosanja mpaka anaponda chinangwa cha eni ake. Iwo anangoti, "Hmm. Ife sitiona mahampu. Tidzabweranso mvula ikamayandikira. Tikadzapeza dengu la pachipata lodzaza, lokwanira kudyetsa timu, mwalowa mu ligi. Tikadzalipeza lopepuka, bwererani kudambo."

Atachoka, a Njiri anatembenukira kwa Bwampini. "Wamva. Tikalowa mu ligi, ndiwe mkulu wa timu mpaka imfa. Ukandichititsa manyazi, khasu lako ndidzakusankhira ndekha, lolemera."

Bwampini anayamba ntchito, kunena kuti anayamba kutuma ena. Bwalo linasalazidwa, mpanda wa udzu unazungulira, chipata chinasiyidwa chimodzi. Osewera anakawatenga kutali, chifukwa mzinda wodzilemekeza sungaonere ana ake omwe. Kutsogolo kunali Nswala, amene analinso kaputeni. Pakati panali agwape, kumbuyo nguluwe, ndipo pagolo panali Nyani wa mikono yaitali. Anyamatawa mpira ankautha ndithu. Kudyanso ankakutha, moti nkhokwe ya Meya inayamba kuonekera pansi masewera oyamba asanachitike.

Tsiku la masewera litafika, Bwampini anaima yekha pachipata, dengu lalikulu lili patsogolo pake, n'kuyamba kuimba. Nyimbo yake inali yonena za dengu limene latsegula kukamwa ndipo silitseka mpaka wolowa aliyense alidyetse. Inali ndi polekezera pofuna kuti odutsa avomere, ndipo nyama za ku Mphambano pa nkhani yovomera nyimbo sizinkanyengerera. Zinavomera mokoma, zina mawu aang'ono, zina besi, zikuyandikira chipata manja ali lende.

Woyamba anali Ntchenzi. Bwampini anamulozera dengu.

"Alamu, mukundilozera ine? Ine amene ndinakwatira msuweni wa mayi anu?"

"Pepani alamu, lowani."

Kenako anafika mayi Nkhanga. "Iwe Bwampini, anakudula mchombo ndani? Tandiyang'ana bwino."

"Lowani, mayi."

Anafika Gologolo ndi anzake onse a kumanda. "Manda a abambo ako anakumba ndani? Kapena pa iwe udzadzikumbira wekha?"

"Lowani, akuluakulu, lowani."

Ng'azi anali nkhoswe ya mlongo wake wa Bwampini. Fuko anayamwa bere limodzi ndi agogo ake. Chule sanali mbale wa aliyense, koma anati ananyamulapo Bwampini ali khanda ndipo khandalo linamukodzera pamsana, nkhani imene Bwampini sanafune kuti ipitirire pagulu. Bwalo linadzaza tho. Timu inapambana, nyama zinachemerera mpaka mawu kusasa. Masewera atatha, Bwampini anasuzumira m'dengu n'kupezamo chitsononkho chimodzi chimene mwana wina anataya atamaliza kukukuta.

"Abwana," anatero Nswala, thukuta lili kamukamu, "mwati lero tidya kuchemerera?"

A Njiri nawo anafika akumwetulira. "Waliona khamu limene lija? Umenewu ndiye mzinda!" Kenako anayang'ana m'dengu, kumwetulira kuja n'kuzima. "Mpini wa khasu lako ndadula kale. Ukuuma pakhonde."

Bwampini anakhala pansi n'kuganiza. Mutu wake unkagwira ntchito ndithu, poti ndi chiwalo chokhacho chimene ankachilola kugwira ntchito. Anaona kuti Mphambano inakula mokwanira kukhala ndi mahampu, koma sinakule mokwanira kukhala ndi nyama ziwiri zosadziwana. Ndiye pachipata pankafunika mlendo, wopanda mlamu, wopanda msuweni, wopanda womudula mchombo. Anayenda ulendo wautali mpaka anapeza Nungu, mbeta ya chimuna yokhala yokha, yaminga thupi lonse, yosadziwa kupereka moni. Bwampini atamuona mtima unakhala m'malo.

Pamasewera otsatira Nungu anaima pachipata, Bwampini ali chapatali akuimba nyimbo ya dengu ija. Nyama zinavomera monga kale. Ntchenzi anafika patsogolo.

"Alamu, tidutse nawo."

"Mlamu wako ndani?" anafunsa Nungu, minga ili nyang'anyang'a.

Ntchenzi anabwerera kunyumba kukatenga mtedza. Mayi Nkhanga anayamba za mchombo, Nungu anati wake anadzidula yekha ndi mano. Gologolo anayamba za manda, Nungu anati akadzafa adzangomusiya pomwepo. Tsiku limenelo dengu linafika pakati, osewera anadya, ndipo Bwampini anayenda mumsewu akuimba mluzu, masaya atabwerera mwakale.

Koma amayi a mumzindawo nkhaniyi inawakhudza. Anakumana kuchigayo, ndipo palibe anatchula za mtedza umene anapereka, ayi, mitima yawo inali pa chifundo chokhachokha. Mwamuna wamkulumkulu chonchija kumadziphikira yekha? Kumadzichapira yekha, mumzinda wa anthu ake? Alendo adzatiyesa otani? Sabata isanathe anali atamupezera Kanungu, mayi wamasiye wa minga yofewa, ndipo Nungu, amene chibadwire palibe anamuphikirapo therere, anagwa chagada.

Ukwati wake Bwampini anapitako, poti kumene kuli chakudya sankadikira kuitanidwa. Kumeneko anaona zimene zinamusiya kukamwa yasa. Itakwana nthawi ya perekaniperekani, pamene woyendetsa mwambo amaitana magulu kuti adzaponye mphatso akuvina, nyama zomwe zija zinkakana chikhatho chimodzi cha mtedza pachipata zinkakhuthula malichero athunthu. Ntchenzi anavina maulendo angapo kuti aliyense amuone. Mayi Nkhanga ataona kuti mnzawo waponya maungu awiri, anatuma kunyumba kuti akawatengere atatu.

Pamasewera otsatira Bwampini anaimba nyimbo yake, nyama zinavomera, ndipo pachipata panali Nungu atagwada, minga itagona, akuwomba m'manja.

"Lowani apongozi. Lowani alamu. Malume, samalani mwalawo. Lowani nonse, musaime padzuwa."

Dengu linabwerera lopanda ngakhale chitsononkho. Madzulo ake a Njiri anadutsa pakhomo pa Bwampini. Anangoyeza kutalika kwa mikono yake ndi maso, n'kugwedeza mutu ngati mmisiri amene wakhutira ndi muyeso.

Bwampini anachita mantha enieni, koma mantha omwewo anamukumbutsa malichero a pa ukwati wa Nungu. Nyama za ku Mphambano sizingapereke kanthu kuti zione mpira, chifukwa wopereka pachipata palibe amamuona. Koma pamene dzina latchulidwa ndipo ng'oma ikulira, zingapereke ndi mbewu yomwe. Anapita kumene osewera ankagona, n'kuitanira Nswala pambali.

"Kaputeni, njala ikukupweteka?"

"Mukufunsa kapena mukunditonza?"

"Ukufuna kudya mpaka kumasula lamba?"

"Nenani."

"Kwatira."

"Ine ndinabwera kudzasewera mpira, abwana."

"Udzasewera utakhuta. Ukwati wake tichitira pabwalo pomwepo, nthawi yopumulira. Iwe ungokhala pampando n'kumamwetulira. Kenako uli ndi mkazi, uli ndi chakudya, uli ndi dzina. Ukufunanso chiyani?"

Kwawo kwa Nswala ndi anzakewo mkazi ndi amene amatsatira mwamuna, ndiye za chikamwini sankazidziwa. Bwampini ankadziwa kuti sakuzidziwa. Anaona kuti si bwino kusokoneza mnyamata ndi nkhani zambiri masewera ali pafupi.

Mbeta mumzindamo zinalipo zambiri, ndipo amayi awo atamva kuti anyamata a miyendo yolimba aja akufuna mabanja, anachita kulimbirana. Tsiku la masewera bwalo linadzaza dzuwa lisanafike pamutu. Chigawo choyamba chinaseweredwa nyama zikuyang'ana kwina, zikufunsana kuti mkwatibwi wavala chiyani. Woyimbira atangoimba wezulo yopumulira, dengu linaikidwa pakati pa bwalo, Nswala ndi mkazi wake anakhazikidwa pamipando, ndipo Bwampini anayamba nyimbo ya dengu lotsegula kukamwa. Ulendo uno ankaidula pakati n'kumaitana.

"A kuchikazi, tikuoneni! A kuchimuna ali kutali, ndani awaimirire? Tsopano tikufuna okhala kufupi ndi mahampu, eni tauni! Okhala kuseri kwa chigayo, kodi mwalola kuti akuposeni? Amene munakwerapo nyumba yosanja, bwerani dziko likudziweni!"

Kunali fumbi kumeneko. Dengu linadzaza, linasefukira, anakabwereka lina. Chigawo chachiwiri chinayamba mochedwa chifukwa pabwalo panali nyemba zotayika ndipo agwape ankaterereka. Osewera anadya mpaka kugona chagada, Bwampini anatuta zake, ndipo a Njiri anayenda uku ndi uku akufunsa aliyense ngati ku Chimpanda anaonapo zoterezi.

Kuyambira pamenepo masewera aliwonse ankakhala ndi ukwati wake. Anakwatira gwape woyamba, wachiwiri, kenako nguluwe imodzi ndi imodzi. Dengu silinapepukenso.

Koma mpira unayamba kudwala. Wosewera aliyense akakwatira ankanyamula kachikwama kake kupita kwa mkazi, ndipo m'mawa mwake ankadzutsidwa kukasosa munda wa apongozi. Pabwalo ankafika msana utauma. Ndiye panali vuto linanso. Ku Mphambano mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake aakazi. Akawaona akubwera panjira amapatuka n'kunjuta patchire mpaka adutse. Tsiku lina Nswala analanda mpira pakati, anachenga mmodzi, anachenga wachiwiri, anatsala ndi goloboyi yekha. Atadzutsa maso kuti aone pomenya, anaona apongozi ake atakhala kuseri kwa golo, akusenda nzimbe. Mnyamata wa ulemu wake anausiya mpira pomwepo, anapatukira kumbali n'kunjuta, maso pansi. Bwalo lonse linawomba m'manja kuti mwana ameneyu analeredwa bwino.

Posakhalitsa mbali zonse za bwalo kunali apongozi a winawake. Nguluwe zinakana kuvala makabudula pamaso pa akuluakulu, zinayamba kusewera ndi mathalauza. Timu zobwera zinkamwetsa zigoli mpaka kutopa, ndipo Nyani pagolo ankangotola mpira mu ukonde ngati akutola mango. Koma mukanafunsa wa ku Mphambano aliyense kuti masewera atha bwanji, akanakuuzani kuti atha bwino kwambiri, mpunga unakwanira.

Nswala anamupeza Bwampini akupuma pamthunzi, n'kumutambasulira manja. Anali matuza okhaokha.

"Abwana, izi simunanene."

Bwampini atawaona matuzawo anayang'ana kumbali. "Amenewo ndi masewera olimbitsa thupi, kaputeni. Ku Chimpanda amachita kulipira kuti awapeze."

"Tsiku lina mudzalimbitsa lanu," anatero Nswala, n'kumapita.

Mitambo itayamba kusonkhana, uthenga unafika woti a Nang'omba akubwera. Pa osewera onse wosakwatira anatsala mmodzi, Nyani wa pagolo, ndipo Bwampini anamusungira dala tsiku limeneli. Mkwatibwi naye sanali wamba. Anali Namagetsi, mwana wa mayi Nanjiri, mlongo wawo wa a Meya. Mtsikanayu anabadwa chaka chimene mumzindamo munadzalidwa mtengo wa magetsi womwe mawaya ake akudikiridwabe. Mayi Nanjiri ankadziwika kuti minda yawo ndi yaikulu ndipo mawu awo sabwerezedwa.

Tsikulo linafika. A Nang'omba anakhazikidwa pampando wa ndalema, dengu lili patsogolo pawo. Kunja kwa mpanda nyama zinali zitasenza malichero, mitanga ndi matumba. Namagetsi anali atavala zoyera, akudikira. Bwampini anapita kukatenga mkwati, n'kupeza jezi yokha itakolekedwa pamtengo wa golo. Nyani anali ataona manja a anzake onse, mmodzi ndi mmodzi, ndipo mikono yake yaitali inamuthandiza kudumpha mpanda kulowera kwawo.

Nkhani inafika kuchipata msanga. "Mkwati ali kuti?" anafuula Ntchenzi. "Popanda mkwati ife tibwerera nazo izi. Mpira wokha tingaperekere mtedza?"

Bwampini anathamanga uku ndi uku kufunafuna mwamuna wosakwatira. Anafunsa Fuko, anali ndi akazi awiri. Anafunsa Chule, anati mkazi wake ali pomwepo ndipo wamva. Mumzinda wonse wa zigayo ziwiri munatsala mbeta ya chimuna imodzi yokha, iye mwini, poti enawo anali atawamaliza onse. A Nang'omba anayamba kuyang'ana m'dengu, kenako kumwamba, kenako m'dengu.

A Njiri anamukokera kuseri. "Mwana wa mlongo wanga wavala zoyera. Mlendo wakhala pampando. Dengu lili mbee. Mpini uja unauma kalekale, ndipo khasu ndakhomeramo m'mawa uno."

Bwampini anayang'ana zikhatho zake, zofewa, zosalala, zosalakwa. Akakana kukhala mkwati, khasu ndi lero lomwe. Akalola, dengu lidzaza, timu ilowa mu ligi, iye akhala mkulu wa timu, ndipo wa udindo salima. Anaona kuti pali kanjira, kopapatiza koma kokwana khoswe.

"Bwana Meya, mkulu wa timu sagwira khasu, si choncho?"

"Sagwira."

"Lumbirani."

"Ndalumbira pa unyolo uwu."

"Ndibwerekeni jekete."

Mawu atamveka kuti amene akukwatira ndi Bwampini, mzinda unagwedezeka. Odwala anadzuka pamphasa. Okalamba amene anali asanapondepo pabwalo anachita kunyamulidwa. Khomo lililonse limene Bwampini anadyapo osaitanidwa linafuna kudzaona ndi maso, ndipo makomo akewo anali onse. Nyimbo ya dengu sanaimbe ndi iye tsiku limenelo. Anaiyambitsa Nswala, akamwini anzake akuvomera, kenako bwalo lonse, ndipo pamene pankatchulidwa dengu lotsegula kukamwa zala zonse zinkaloza masaya a mkwati. Zinavina nyama, zinaponya, zinabwerera kunyumba kukatenga zina. Madengu anatha, zinayamba kuthira pansi mpaka mulu unabisa a Nang'omba kufika m'khosi. Bwampini anakhala pampando akumwetulira monga ankauzira ena, thukuta likutsikira mujekete ya eni ake.

Mpira unaseweredwa ndithu, pagolo ataimikapo Fulu, ndipo zigoli zake palibe anaziwerenga. A Nang'omba sanaone n'chimodzi chomwe, anali otanganidwa kulawa mtedza kuti atsimikize ngati ndi weniweni. Pomaliza anaimirira n'kukonza kukhosi.

"Hmm. Tayenda m'mizinda yambiri, koma mzinda wokonda mpira chonchi sitinauonepo. Mwalowa mu ligi. Sabata yamawa mukasewere ku Chimpanda. Mukachoka kumeneko mupitirire kwina, muzikayenda choncho mpaka dzinja lithe."

A Njiri analira misozi. Bwampini anapumira m'mwamba, n'kusisita zikhatho zake mwachikondi.

Mvula inagwa mawa lake. Bwampini, mkulu wa timu ya mu ligi yaikulu, anayenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa osewera ake. Kwa Nswala anapeza apongozi ali pakhonde akusankha mbewu.

"Mwati apite kuti? Mkamwini achoke nthawi yobzala? Mizere imeneyi abzala ndi a Nang'omba?"

Kwa agwape anamva zomwezo. Kwa nguluwe sanamulole n'kufika pakhonde pomwe. Anazungulira mzinda wonse, wopita ku Chimpanda osapezeka ngakhale mmodzi. Tsiku la masewera linadutsa, linadutsanso lina, ndipo a ligi atatopa kudikira anapereka malowo kwa ena. A Njiri sizinawakhudze kwenikweni. Ankauza aliyense wodutsa kuti Mphambano inalowa mu ligi yaikulu, ndipo za kutuluka palibe ankawafunsa.

M'mawa wina Bwampini ali mtulo kunyumba kwa mkazi wake, anamva chitsulo chikugunda pakhomo. Kunja kunali mayi Nanjiri, atafulatira monga mwa mwambo, akulankhula ndi mwana wawo mokweza kuti khoma limve.

"Namagetsi, awuze amuna akowo kuti dzuwa latuluka."

Bwampini anayankhira m'kati. "Namagetsi, awuze amayi kuti ine ndine mkulu wa timu."

"Namagetsi, afunse kuti timu yake iti."

Bwampini anatulukira pawindo, liwiro mpaka kwa Meya. "Bwana, munalumbira! Pa unyolo!"

A Njiri anamuyang'ana ndi chisoni chenicheni, n'kukweza thalauza kumuonetsa maondo. "Mkamwini wathu, ukuganiza kuti maondo angawa anakhakhala chonchi chifukwa chopemphera? Unyolo uwu ndimavala ndikaweruka kumunda kwa apongozi anga. Ine ndikanatha kukupulumutsa, ndikanayamba ndadzipulumutsa ndekha. Pita, mlongo wanga sakonda kudikira."

Namagetsi anamuperekeza, khasu lili paphewa pa mwini wake. Bwampini ankayembekeza kuti alowera kudambo kumene dothi ndi lofewa, koma njira inawafikitsa pachipata chimene ankachidziwa bwino. Malo a bwalo aja anali munda wa mayi Nanjiri, umene a Meya anangobwereka, ndipo poti mpira unatha, mwini munda anaufuna. Dothi lake linali litapondedwa ndi mzinda wonse chilimwe chathunthu, ndi ovina, ndi othamanga, ndi nguluwe za mathalauza, moti mvula inkangodutsa pamwamba.

"Amayi akuti muyambire golo ili," anatero Namagetsi, "mukafike golo ilo."

Bwampini anakweza khasu, analitsitsa, khasu linadumpha ngati lamenya mwala. Ululu unayenda kuchokera m'zikhatho mpaka m'mano. Anakwezanso. Asanamalize mzere woyamba khungu lija ankalinyadira linali litatupa, ndipo tuza loyamba litaphulika analira ngati mwana, osabisa.

Atadzutsa mutu anaona kuti sali yekha. Nyama zinali kulowa pachipata, zina ndi mipando, zina ndi nzimbe, amayi ndi ana kumsana. Zinakhala mbali zonse zinayi, ndipo ulendo uno palibe inayang'ana kwina. Khasu likatsika zinkafuula, likadumpha zinkagwira pamutu, ndipo kumbali ina kunabuka mkangano woti kodi afika pakati dzuwa lisanapendeke. A Njiri anafika ndi unyolo wawo, anayang'ana khamulo mtima uli mbee, n'kunena kuti masewera amenewa ndiye oyenera mzinda uno, azichitika tsiku lililonse kupatula Lamulungu.

Wezulo ya nthano yanga yalira pamenepa. Amene munasiya mbatata pamoto thamangani, Bwampini akadali pamzere wachiwiri.